Cule wa Cisa ca Thovu: Nyama ya M'madzi Yokhala Mumtengo

Zolinga za phunziro

Pomaliza phunziro ili, wophunzira nchito ya uphunzitsi athe:

1. kuzindikira cule wa cisa ca thovu ndi kumusiyanitsa ndi acule ena;
2. kufotokoza njira zimene cule ameneyu amasungira madzi m'thupi mwake;
3. kulongosola m'mene cisa ca thovu cimapangidwira ndi nchito yake;
4. kukonza phunziro la Sayansi ya Cilengedwe loyambira pa zimene ana anaziona kale ndi maso awo.

Mau oyamba

Mvula yoyamba ikagwa m'cigwa ca Zambezi, mu Novembala kapena mu Disembala, pa nthambi zolendewera pamwamba pa maiwe pamaoneka mibulu yoyera yonga thovu la sopo. Ana oweta mbuzi ndi otunga madzi amaidziwa bwino. Ena amaigenda ndi miyala, ena amailambalala mwamantha. Ndi owerengeka amene amadziwa kuti m'kati mwake muli mazira mazanamazana, ndiponso kuti mwini wake ndi cule wamkulu amene amakhala mumtengo caka conse.

Moyo wa cule unamangika pa madzi. Mazira ake alibe cigoba, ndipo akakhala pouma amafota. Khungu lake ndi lopyapyala, lotaya cinyezi msanga, kotero kuti cule wamba akasiyidwa padzuwa popanda pobisala, tsiku silitha ali moyo. Nanga zimatheka bwanji kuti cule akhale panthambi, poyera, m'dera longa la Tete, kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40? Ili ndilo funso limene phunziro lonseli likuyankha. Tiona kuti mtundu wa khungu lake, kakhalidwe kake panthambi, zitosi zake ndi cisa cake comwe, zonsezi ndi mayankho a vuto limodzi, vuto la madzi.

1. Maonekedwe ake ndi kumene amapezeka

Akatswiri a zamoyo amamucha Chiromantis xerampelina. M'phunziro lino tizimucha cule wa thovu. Iye ali m'gulu la acule akuluakulu a m'mitengo a kuno kum'mwera kwa Africa. Wamkazi amatalika masentimita 8 kapena 9 kucokera kumphuno kufika kumbuyo, pamene wamwamuna amacepako, ndipo kawirikawiri sapitirira masentimita 7 ndi theka. Khungu la pamsana ndi lotuwa, lokhakhala pang'ono, lokhala ndi mawanga ofanana ndi khungwa la mtengo. Maso ake ndi otuzuka, ndipo kamwana ka diso n'kopingasa.

Cizindikiro cosasokoneza cili pa zala. Kumapeto kwa cala ciliconse kuli kambale kofewa kamene kamamatira pa khungwa, pa tsamba, ngakhale pa galasi. Zala zinayi za mwendo wakutsogolo zinagawika pawiri, ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali inayo, mwakuti amafumbata kanthambi monga acitira bilimankhwe. Zala za miyendo yakumbuyo zinalumikizidwa ndi kacikopa komuthandiza kusambira.

Cule wa thovu amapezeka kuyambira m'mphepete mwa nyanja ku Kenya ndi ku Tanzania, kudzera m'Moçambique, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, mpaka kumpoto kwa Botswana ndi Namibia ndi kumpoto cakum'mawa kwa South Africa. Amakonda madera otsika ndi otentha: nkhalango za tsanya, chire la mitengo yapatalipatali, ndi mizere ya mitengo ikuluikulu yotsata mitsinje, kumene kumamera mikuyu, misikidzi ndi nsangu. Kwathu kuno timuyembekezere m'zigwa za Zambezi ndi mitsinje yothira m'menemo, monga Revúbuè ndi Luenha, komanso m'malo otsika a m'mbali mwa nyanja ya Niassa. M'cilimwe amalowanso m'nyumba za anthu, n'kukhala phee pa mtanda wa denga kapena pa khoma kwa masabata ambiri.

Sitiyenera kumusokoneza ndi cule wina wa m'mitengo, Leptopelis flavomaculatus, amene amakhala m'nkhalango zowirira za m'mbali mwa timitsinje. Ameneyu akali wamng'ono amakhala wobiriwira ndi madontho acikasu, kamwana ka diso lake n'koimirira ngati ka mphaka, ndipo sapanga cisa ca thovu. Mwana akaphunzira kuyang'ana diso ndi zala, waphunzira kale njira imene akatswiri amasiyanitsira mitundu ya zamoyo.

2. Mbiri ya dzina lake

Dzina la sayansi la cule ameneyu linabadwira m'dziko lathu lomwe lino. M'zaka za m'ma 1840, katswiri wa zinyama wa ku Jeremani, Wilhelm Peters, anayenda m'Moçambique ndi kukwera cigwa ca Zambezi akutolera nyama zamitundumitundu. M'caka ca 1854 analongosola cule ameneyu kwa nthawi yoyamba m'mabuku a sayansi, pogwiritsa nchito acule amene anawatola ku Tete ndi ku Sena. Ndiye kuti katswiri aliyense pa dziko lapansi amene akufuna kudziwa ciyambi ca dzina ili, amalozeredwa ku Tete ndi ku Sena.

Mau awiri a dzinali anacokera ku Cigiriki. Ciyambi ca liwu lakuti Chiromantis cimanena za dzanja, cifukwa ca zala zogwira zija. Liwu lakuti xerampelina limatanthauza mtundu wa tsamba louma la mpesa. Apa tikuona kuti dzina looneka lovutali linapangidwa monga m'mene makolo athu amapangira maina a nyama, poyang'ana cimene nyamayo ili naco ndi m'mene imaonekera. Banja la acule limene iye alimo, lochedwa Rhacophoridae, lili ndi mitundu yambiri ku Asia, ndipo kuno ku Africa likuimiridwa ndi mitundu yocepa cabe ya Chiromantis.

3. M'mene amasungira madzi

Acule samwa madzi monga timwera ife. Amayamwa madzi kudzera pa khungu, makamaka la kumimba ndi la m'ncafu. Khungu lotha kulowetsa madzi mosavuta limathanso kuwataya mosavuta, ndipo n'cifukwa cake acule ambiri m'cilimwe amakumba pansi, monga acitira finye, kapena amabisala m'matope ndi pansi pa miyala. Cule wa thovu anatsata njira ina. Iye amakhalabe kumtunda, ndipo amadalira zinthu zisanu.

Coyamba ndi khungu la pamsana. Pamene akupumula, khungu limeneli limataya madzi pang'ono kwambiri, mofanana ndi khungu la buluzi. Pakati pa acule, ici n'cinthu cosowa.

Caciwiri ndi kakhalidwe. Masana amapinda miyendo yonse n'kuibisa pansi pa thupi, amagunditsa cibwano ndi mimba pa nthambi, ndipo amatsinzina. Potero khungu lofewa la kumimba, limene lingataye madzi msanga, silikumana ndi mphepo. Nsalu yonyowa yoyanikidwa imauma msanga kuposa yopindidwa, ndipo cule amatsata lamulo lomweli.

Cacitatu ndi kusintha mtundu. Kukazizira amadera, n'kukhala wotuwa moderapo kapena wofiirira. Dzuwa likakula amayera mbee ngati coko. Cinthu coyera cimabweza kuwala kwa dzuwa, pamene cakuda cimakumeza ndi kutentha msanga. Tizindikire kuti kusintha kumeneku kumatsata kwambiri kutentha ndi kuwala. Ana ambiri amaganiza kuti nyama imasintha mtundu pofuna kubisala basi, ndipo cule uyu amatipatsa mpata wowaonetsa cifukwa cina.

Cacinayi ndi kulola thupi kutentha. Munthu amayamba kutuluka thukuta msanga kuti thupi lake likhale pa madigiri 37, ndipo amataya madzi ambiri potero. Cule wa thovu amalola thupi lake kutentha pamodzi ndi mpweya womuzungulira kufikira pafupifupi madigiri 40. Pamenepo m'pamene khungu limayamba kutulutsa timadzi tomuziziritsa. Amasunga madzi ake kufikira nthawi imene moyo uli pangozi.

Cacisanu, cimene cinadabwitsa akatswiri kuposa zonse, ndi zitosi zake. Nyama iliyonse ikadya cakudya comanga thupi, m'magazi mumatsala zinyalala zimene ziyenera kucotsedwa, apo ayi zimasanduka poizoni. Pali njira zitatu zozicotsera. Nsomba ndi mbululu zimazitaya monga amoniya, amene ndi woopsa ndipo amafuna madzi oculuka kuti asungunuke. Izi sizivuta kwa nyama yokhala m'madzi. Anthu, ng'ombe ndi acule ambiri akuluakulu amazisandutsa yureya, amene amatuluka mu mkodzo, ndipo mkodzo umadya madzi ambiri ndithu. Mbalame ndi abuluzi amazisandutsa asidi wa yuriki, amene amatuluka ngati phala loyera lofuna madzi pang'ono cabe. Mwana aliyense wa kumudzi anaona mbali yoyera ya zitosi za nkhuku kapena za nalimata. Ameneyo ndiye asidi wa yuriki.

Kwa nthawi yaitali akatswiri ankakhulupirira kuti palibe cule amene angatsate njira yacitatuyi. M'caka ca 1970, John Loveridge, amene ankagwira nchito m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, anasonyeza kuti cule wa thovu amataya zinyalala zake zambiri monga asidi wa yuriki. Patapita nthawi yocepa, akatswiri ena anapeza khalidwe lomweli mwa acule a m'mitengo a mtundu wa Phyllomedusa ku South America. Acule awiriwa sali pa cibale capafupi, koma vuto lofanana linawafikitsa pa yankho lofanana.

4. Cisa ca thovu

Cule wamkulu angapirire cilimwe, koma mazira ndi mbululu sizingathe. Kuswana kumadikira mvula. Mvula yamphamvu ikagwa, acule aamuna amasonkhana usiku pa nthambi, pa miyala kapena pa udzu wautali umene uli pamwamba pa madzi odikha: dziwe, cithaphwi, damu, kapena madzi otsalira m'mbali mwa mtsinje ukasefukira. Kulira kwawo n'kwapansipansi, kosamveka patali monga kwa acule a m'dambo.

Wamkazi akafika, wamwamuna mmodzi amamukwera pamsana ndi kumufumbata m'khwapa. Awiriwo akapeza malo oyenera, wamkazi amatulutsa madzi olenda, n'kuyamba kuwapalasa ndi miyendo yakumbuyo. Madziwo amasakanizika ndi mpweya ndi kufufuma, monga m'mene sopo amacitira thovu tikamuvundula m'beseni. M'thovu limenelo ndimo amaikira mazira oyera, ndipo wamwamuna amathira umuna nthawi yomweyo. Mazira a m'cisa cimodzi amakhala pakati pa 500 ndi 1,200 kapena kupitirirako pang'ono.

Nchito imeneyi imatenga maola ambiri, pafupifupi usiku wonse. Thovu limapangidwa ndi madzi a m'thupi la wamkazi, conco iye amaima kangapo, n'kutsikira kudziwe kukayamwa madzi ena kudzera pa khungu, kenaka n'kukweranso kukapitiriza. Pomaca, panthambi pamakhala mbulu woyera waukulu ngati papaya wamng'ono. Pamene akazi angapo aikira pamalo amodzi, zisa zimalumikizana n'kukhala cimbulu cacikulu. Nthawi zina wamkazi amabweranso usiku wotsatira kudzaonjezera thovu lopanda mazira pamwamba pa cisa.

Kawirikawiri pa cisa sipakhala acule awiri okha. Aamuna ena amaunjikana m'mbali mwa awiriwo, amathandiza kupalasa thovu, ndipo nawonso amathira umuna wawo. Pa cisa cimodzi pangapezeke aamuna okwana 12. Akatswiri awiri, Phillip Byrne ndi Martin Whiting, anafufuza khalidwe limeneli ku South Africa, ndipo m'caka ca 2011 anafalitsa zimene anapeza: mbululu zocokera m'zisa za aamuna angapo zinali ndi mwayi waukulu wokula mpaka kusanduka acule kuposa zocokera kwa wamwamuna mmodzi. Pophunzitsa ana aang'ono sitifunika kulowa m'zonsezi, koma mphunzitsi ayenera kuzidziwa, cifukwa mwana amene anaona acule ambiri pa cisa cimodzi adzafunsa.

Kodi thovu limathandiza ciyani? Dzuwa likawomba, kunja kwa cisa kumauma n'kupanga kakhungu kolimba, pamene m'kati mumakhalabe monyowa. Timabowo ta mpweya todzaza m'thovu timachinga kutentha, ndiponso timasunga mpweya wabwino umene mazira amapuma m'masiku oyamba. Kuposa apo, cisa cili pamwamba, kutali ndi nsomba, tizilombo ta m'madzi ndi mbululu za acule ena, zimene zimadya mazira oikiridwa m'madzi. Tinganene kuti cule amanyamula kadziwe kakang'ono n'kukapacika mumtengo.

Mazira amaswa m'cisa momwemo. Mbululu zimakhala m'menemo zikudya cakudya cotsala ca m'dzira, ndipo pang'onopang'ono zimatsikira kunsi kwa cisa, kumene thovu limayamba kusungunuka. Pakapita masiku 4 mpaka 6 ciikireni mazira, pansi pa cisa pamafewa, ndipo mbululu zimagwera m'madzi. M'menemo zimapuma ndi ziwalo zopumira m'madzi monga nsomba, zimadya ndere ndi zomera zowola, zimamera miyendo yakumbuyo kenaka yakutsogolo, mcira umafota, mapapo amayamba kugwira nchito, ndipo pakatha masabata angapo timacule tating'ono timatuluka n'kukwera m'mitengo.

Njira imeneyi ili ndi ngozi zake. Kacule ka m'mabango kochedwa Afrixalus fornasini kamalowetsa mutu m'thovu lisanaume n'kudya mazira. Acule akuluakulu amagwidwa ndi njoka za m'mitengo ndi mbalame. Koma ngozi yoposa zonse ndi ng'amba. Wamkazi amasankha malo usiku wa mvula, madzi ali tho, pamene ana ake adzawafuna madziwo patapita pafupifupi sabata. Ngati cithaphwi cinali cosaya ndipo mvula yadukiza, mbululu zonse zimagwera pa dothi louma. N'cifukwa cake amaikira mazira ambiri cotere: mwa mazanawo, ndi ocepa amene adzafika pokhala acule.

5. Mtengo ndi dziwe

Bungwe la IUCN, limene limasunga mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yakutha, limaika cule wa thovu m'gulu la zosadetsa nkhawa, cifukwa amapezeka m'maiko ambiri. Komabe cule angakhale woculuka mu Africa yense ndi kusoweratu m'mudzi umodzi. Iye amafuna zinthu ziwiri pamalo amodzi, nthambi pamwamba ndi madzi pansi. Cimodzi cikacoka, cinaco cilibe nchito.

Mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ndi maiwe imadulidwa kuti ikhale makala, nkhuni, matabwa ndi milimo ya zigafa za fodya, kapena kuti dimba lifike pa madzi penipeni. Mitengo ikatha, mvula imakokolola dothi n'kukwirira dziwe, ndipo madzi osaya opanda mthunzi amaphwa msanga. Palinso cizolowezi cotsukira m'maiwe mapampu opopera mankhwala a thonje ndi ndiwo zamasamba. Khungu lomwe limayamwa madzi limayamwanso mankhwalawo, ndipo mbululu zimafa zisanamere miyendo.

Zimene zimapha cule ndi zomwezo zimene zimaumitsa dziwe lomwera ziweto ndi kugumula gombe la dimba. Conco kuwerenga zisa za thovu caka ndi caka pa dziwe limodzi ndi njira yapafupi, yosalira ndalama, yodziwira ngati malowo akali bwino. Cule wamkulu amadya tizilombo, ndipo mbululu zake ndi cakudya ca nsomba ndi mbalame za m'madzi. Akasowa, pamakhala mpata umene umakhudza zamoyo zina.

6. Kuphunzitsa mutu umenewu

Akuluakulu anati cule anadabwa m'madzi muli mwake. Mwana amene amadutsa pa dziwe tsiku ndi tsiku sayenera kumva phunziro la acule ngati nkhani yacilendo. Tikulangiza ndondomeko iyi, imene ingagawidwe m'maphunziro atatu ndi sabata imodzi yoyang'anira cisa.

Gawo loyamba: zimene ana akudziwa. Jambulani pa bolodi nthambi, mbulu wa thovu ndi madzi pansi pake. Funsani kuti: "Ndani anaonapo cinthu ici? Munaciona kuti? Mwezi uti? Pansi pake panali ciyani?" Lembani mayankho onse, ngakhale olakwika. Mwina wina adzati ndi malovu a njoka, wina adzati ndi thovu la sopo. Musawatsutse msanga, auzeni kuti kalasi lonse lidzafufuza. Dziwani kuti palinso thovu lina laling'ono, lodontha madzi, lopezeka pa udzu ndi pa nthambi kutali ndi dziwe, limene limapangidwa ndi tizilombo toyamwa madzi a zomera. Ana azisiyanitsa ziwirizi poyang'ana kukula kwake ndi malo ake. Pomaliza, atumeni akafunse makolo ndi agogo maina a acule a m'dera lawo, monga finye ndi thesi, ndi dzina limene amachula cule wokhala mumtengo. Maina amasiyana dera ndi dera, ndipo dzina limene ana abwera nalo ndilo ligwiritsidwe nchito m'kalasi.

Gawo laciwiri: zoyesera. Tengani nsalu ziwiri zofanana, zinyowetseni mofanana, imodzi muitambasule, inayo muipinde kanayi, ndipo muziike padzuwa. Tenganinso zitini ziwiri, cimodzi copakidwa laimu kapena coko, cina copakidwa makala, muthiremo madzi ofanana. Ana anene zimene akuyembekezera musanayambe, kenaka akhudze ndi kuyerekeza pakatha ola limodzi. Mukatero afunseni kuti: "Cule akapinda miyendo, akufanana ndi nsalu iti? Akayera, akufanana ndi citini citi?" Lolani ana apeze okha mgwirizano umenewu.

Gawo lacitatu: kuyang'anira cisa. Sankhani cisa catsopano capafupi ndi sukulu. Tsiku lililonse kagulu ka ana kapite ndi mphunzitsi kukaona ndi kulemba tsiku, mtundu wa cisa, kuuma kapena kufewa kwake, ndi pamene madzi alekeza, poyeza ndi kamtengo kozikidwa m'mbali mwa dziwe. Pofika tsiku lacisanu kapena lacisanu ndi cimodzi, ana adzaona okha kumene mbululu zimacokera. Kumene cule ameneyu sapezeka, monga m'madera okwera ndi ozizira, gwiritsani nchito cithunzi ca cisa, ndipo ana ayang'anire mazira ndi mbululu za acule a m'dera lawo, n'kuyerekeza mazira a m'madzi ndi a m'thovu.

Pa ulendo uliwonse tisunge malamulo atatu. Ana asalowe m'madzi, cifukwa madzi odikha angakhale ndi nkhono zofalitsa likodzo, ndipo m'mbali mwa Zambezi ndi mitsinje yake muli ng'ona. Cisa cisathyoledwe kapena kubooledwa. Cikacotsedwa pamwamba pa madzi, mbululu zonse zatayika. Wogwira cule agwire ndi manja onyowa, amubwezere pamene anamupeza, ndipo asambe m'manja.

Kunena za mau, nkhani yonse ya cule wa thovu ingakambidwe ndi mau amene ana ali nawo kale: khungu, thovu, cisa, mbululu, mapapo, zitosi, cinyezi, nthunzi. Mau acilendo ofunikadi ndi ocepa, ndipo aperekedwe mwana ataona kale cinthuco. Asidi wa yuriki achulidwe ana atayang'ana mbali yoyera ya zitosi za nkhuku. Momwemonso mau a Cipwitikizi abwere pamapeto, monga maina aciwiri a zinthu zodziwika: cule ndi rã kapena sapo, mbululu ndi girino, thovu ndi espuma, cisa ndi ninho, khungu ndi pele, ndipo kusinthika kwa thupi kucokera pa mbululu kufika pa cule ndi metamorfose. Ana azindikire kuti Cipwitikizi cimagawa pawiri, rã wa khungu losalala ndi sapo wa khungu la njerenjere, pamene Cinyanja cili ndi liwu limodzi lalikulu ndi maina ena a mitundu yake. Mutuwu ukupatsaninso mpata wobwereza kalembedwe ka c ndi ch, poyerekeza cule ndi kuchula, kapena kucedwa kusukulu ndi kuchedwa dzina.

Colakwika cimene tiyenera kucipewa ndi kusandutsa phunziroli mndandanda woloweza: dzira, mbululu, cule. Mwana angathe kubwereza mau atatuwa osamvetsa kanthu. Tidzadziwa kuti wamvetsa akatha kuyankha funso limene sitinamuphunzitse mwacindunji, monga lakuti cingacitike n'ciyani mtengo wa pa dziwe utadulidwa, kapena cifukwa cimene cisa sicipezeka mu Ogasiti.

Mafunso ndi nchito

1. Chulani zizindikiro zitatu zosiyanitsira cule wa thovu ndi Leptopelis flavomaculatus.
2. Fotokozani njira zitatu zimene nyama zimacotsera zinyalala za m'magazi, ndipo sonyezani imene imadya madzi ocepa. N'cifukwa ciyani mbululu ya cule wa thovu sifunika njira imene cule wamkulu amatsata?
3. N'cifukwa ciyani cule wamkazi amatsikira kudziwe kangapo pamene akupanga cisa?
4. Cisa ca thovu cimateteza mazira ku ngozi zina, koma cimabweretsa ngozi ina. Longosolani mbali zonse ziwiri.
5. Lembani m'mizere isanu, m'mau amene mwana wa kalasi yacitatu angamve, cifukwa cimene cule uyu amayera masana.
6. M'magulu a anthu anayi, konzani ndondomeko ya phunziro la mphindi 45 pa gawo laciwiri. Sonyezani zipangizo, mafunso amene mudzafunse, ndi m'mene mudzadziwire kuti ana amvetsa.
7. Pa nthawi ya maphunziro oyeserera kusukulu, pezani dziwe limodzi lapafupi, jambulani mapu ake osonyeza mitengo yolizungulira ndi zitsa za mitengo yodulidwa, ndipo werengani zisa za thovu zimene mwaziona. Siyani mapuwo kwa mphunzitsi wamkulu kuti kalasi la caka camawa lidzawerengenso pamalo omwewo.